Khadi la ku Petauke pa Vaisi ya Atata

Ndikukumbukira kuti chaka chimene ndinali mu Giredi 8 msana wanga unakalamba ine mwini ndisanakule. Unakalambira m'munda wa thonje ku Ndake, ndipo chimene chinandiweramitsa kumeneko sichinali njala kapena fizi ya sukulu. Ndinkafuna khadi la zithunzi la kompyuta. Ndikamanena zimenezi masiku ano anzanga amaseka, ine ndimangowasiya, chifukwa kufotokoza nakonso kumatopetsa.

Kompyutayo inabwera kwathu ku Nyimba ndi amalume a ku Lusaka, ana awo atatopa nayo. Linali bokosi lotuwa, lolemera, ndipo ukaliyatsa linkalira ngati chigayo chakutali. Munali masewera akale a galimoto ndi ena owomberana. Pa mzere wathu wonse wa nyumba katswiri ndinali ine, mtsikana, zimene zinkawapweteka anyamata kwambiri. Kenako mnzanga wa kusukulu anandibwereka disiki ya masewera a mpira atsopano. Nditaika, osewera anatuluka opanda mitu, udzu wa m'bwalo unali wofiirira, ndipo ukamenya mpira unkatha kupita kukamwa madzi n'kubwerera mpirawo usanagwe. Ndinaimbira amalume pa foni ya amama. Iwo anati vuto ndi khadi limene limajambula zithunzi mkati mwa bokosilo, lakalamba, ndipeze lina. Anawonjeza kuti ndionetsetse kuti likalowa. Tokotaimu ya m'foniyo inatha asanafotokoze kuti kulowa kwake n'kotani.

Atata, a Daka, anali ndi shedi kutsogolo kwa nyumba, moyang'ana msewu waukulu. Ankakonza njinga, maloko, maambulera, mapampu opopera thonje ndi mawailesi. Chida chawo chachikulu chinali tupa. Sipeya ikakana kulowa, iwo sankaibweza kusitolo monga ankachitira anzawo. Ankaipana pa vaisi, n'kuidya pang'onopang'ono, kuuzira fumbi, kuyesa, kudyanso, mpaka italowa yokha ngati inabadwira pomwepo. Anthu ochokera ku Mwape ankadutsa okonza njinga ena panjira kuti afike kwa iwo. Ndinkawanyadira, ndipo ndinkawaopa monga ankaopedwera makolo nthawi imeneyo. Iwo akamalankhula ndi anthu, mwana sankaponyapo mawu.

Nditawapempha za khadi sanakane, sanavomerenso. Loweruka lotsatira ananditenga pa njinga kupita kumunda kwathu ku Ndake, anandiloza mizere ina ya kumapeto, n'kunena kuti imeneyo ndi yanga. Ndinapalira. Ndinanyamula madzi opopera mankhwala mpaka khosi linauma. Koma kutola ndiko kunandimaliza. Thonje limaoneka lofewa kwa munthu wodutsa pa basi. Chikhokho chake chikauma chimabaya m'mbali mwa zikhadabo, ndipo pofika masana zala zimakhala zatupa, thukuta likulowa m'mabalamo. Umawerama kuyambira mame asanaume mpaka dzuwa kupendeka, thumba likukukoka m'chiuno, koma ukaliyang'ana thumbalo silidzaza. Lolemba lililonse m'kalasi ndinkalephera kugwira bwino cholembera, ndipo ndinkasinza pa masamu. Ogula atabwera, atata anandipatsa gawo langa lonse osachotsapo kanthu, amama n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

Tisanapite ku Petauke kukagula khadilo ndinakonzekera monga mwana wa mmisiri. Ndinathyola bango, ndinatsegula mbali ya bokosi, n'kuyeza malo amene khadi latsopano likanakhala, m'litali ndi m'mwamba, ndikulemba ndi mpeni pa bangopo. Ndinakoperanso m'kope manambala onse amene anali kuseri kwa sikirini. Ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Tsiku la ulendo amama anasiya nthochi zawo zogulitsa kwa mnzawo wa pamsewu n'kupita nane. Minibasi inaima paliponse pamene munthu anakweza dzanja, ndipo tinafika pa boma dzuwa lili pamutu, miyendo itachita dzanzi. Kasitolo ka a Mumba kanali kuseri kwa msika, kodzaza ndi makina osindikizira akufa ndi mawaya, konunkha fumbi ndi chitsulo chowotcha. Anali bambo wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Ndinawapatsa kope langa.

"Aya ni manambala a sikilini, mwana wanga," anatero. "Nifuna va mukati mwa bokosi. Pamene pangena khadi, pali bwanji? Pafupi olo patali? Pa bulauni olo pakuda?"

Sindinayang'ane zimenezo. Ndinatulutsa bango langa. Anaseka mpaka anavula magalasi, koma sikunali kuseka konyoza, ndipo analitenga n'kuyeza nalo ndithu. Kenako anaika makhadi awiri pa kauntala n'kundionetsa m'mphepete mwake, pamene pali timano tagolide tolowa m'bolodi lalikulu la kompyuta. Anati makompyuta akale ali ndi mpata waufupi, atsopano wautali, ndipo timano take sitigwirizana ngakhale pang'ono. Anatinso khadi lalikulu limadya magetsi ambiri, mwina kuposa amene bokosi lakale lingapereke. Poti kompyuta yathu inali yolira ngati chigayo, iwo anaganiza kuti ndi ya mpata waufupi, ndipo anandikankhira khadi laling'ono, logwirapo kale ntchito, lafumbi, lopanda ngakhale katoni. Anati limenelo likhoza kubwezera osewera anga mitu yawo, kungoti asamathamange kwambiri.

Linalo linali ndi fani yakeyake, lofiira, lonyezimira, m'katoni yojambulidwa. Ndinayang'ana zala zanga, ndinayang'ana kanthu kafumbi kaja. Miyezi yonse ija m'munda, ndibwerere ku Nyimba ndi chinthu chooneka ngati chotola kudzala? Anyamata aja akanati chiyani? Ndinaloza lofiiralo. Pa bango langa linkakwana bwinobwino.

"Wamvela zamene akamba a Mumba?" anafunsa amama.

"Namvela."

Iwo anali atatopa, maso ali pa dzuwa, akuganiza za minibasi yobwerera. Sanatsutsane nane. A Mumba anakulunga katoni ija, koma asanaisiye anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Likakana, osakakamiza. Ulibweze mwamene lilili, losakandika, nizakupasa ili ling'ono na chenji yako. Koma likakandika, ine siniliziŵa."

Mawa lake masana ndinatulutsa kompyuta pakhonde kuti ndione bwino. Ndinamasula khadi lakale, fumbi linabuka, mphemvu youma inagwa. Mpata wake unali wa bulauni, waufupi. Ndinayandikitsa latsopano. Timano take tinapitirira mpatawo, ndipo kachibowo kamene kamayenera kukumana ndi kamzere ka mumpata kanali pena pake. Komabe zonse sizinatayike. Ndinangoyenera kulibwezera m'pepala lake, kupirira kuseka kwa a Mumba, n'kubwera ndi lafumbi lija.

Ndili mkati molikulunga, atata anatulukira kuchokera m'shedi akupukuta manja. Pambuyo pawo panali a Zuze, mnzawo wakale amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika, ndi azibambo ena awiri amene ankadikira njinga zawo. Onse ankafuna kuona chimene mwana wa a Daka anagula ndi thonje.

"Changena?" anafunsa atata.

"Chakana pang'ono," ndinayankha ndi mawu apansi.

Analitenga, analitembenuza, analiyandikitsa pa mpata paja, n'kutsinzina diso limodzi monga ankachitira ndi sipeya ya njinga.

"Apa chabe?" anatero a Zuze. "Mwana, usade nkhawa. Palibe chamene chinakangapo a Daka. Ine ananiikila giya ya njinga ina pa njinga ina, mpaka lelo iyenda."

Mawu a a Mumba anali m'kamwa mwanga. Anali afupi, mwana aliyense akanatha kuwanena. Koma kuwanena kunali kuuza atata, pamaso pa azibambo atatu, kuti ntchito iyi saidziwa, ndipo ine ndikuidziwa. Ndinayang'ana kukhitchini, koma amama anali atapita kale kumsewu ndi nthochi. Ndinanyamula kompyuta n'kutsatira atata ku shedi ngati munthu woperekeza maliro.

Ndinene zoona, ntchitoyo anaigwira mokongola. Anaika timakatoni mbali zonse ziwiri kuti vaisi isaluma khadi. Analemba ndi pensulo pofunika kudula. Anasankha sowo yaing'ono, anadula timano totsalira, kenako anatenga katupa kakang'ono kamene ankasulira makiyi n'kuboola kachibowo katsopano. Fumbi lobiriwira losakanikirana ndi golide linagwera pa nsapato zawo. Ankauzira, kuyesa, kudyanso. Kachitsulo ka kumbuyo anakapinda pang'ono ndi pulayala. Ine ndinaima pafupi ndi mulu wa matayala, ndikumva kulira kwa tupa m'mano mwanga, ndikuona Loweruka lililonse la ku Ndake likugwera pansi. Misozi sinatuluke. Ndinali wotopa kwambiri moti ngakhale kulira kunandikanika.

Linalowa. Linachita kulira kuti khethe, ndipo a Zuze anawomba m'manja. Atata anandiuza kuti ndiyatse ndine, poti chinthucho n'changa. Ndinadina batani. Fani yofiira ija inazungulira kamodzi, kenako panamveka kuti thi, ndipo kautsi kochepa kanakwera ndi fungo la pulasitiki yopsa. Chigayo chija sichinalire. Ndinazula pulagi, ndinabwezeramo khadi lakale, ndinayatsanso. Zii. Khadi linapita, kompyuta n'kupita nalo limodzi.

Azibambo aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita. Mmodzi anakankha njinga yake yosakonzedwa n'kumapita nayo chomwecho.

Dzuwa likulowa ndinakathandiza atata kulowetsa zida monga mwa masiku onse. Akutseka loko anafunsa, osandiyang'ana:

"Wenze uziŵa kuti sichizasebenza?"

"Nenze niziŵa, atata. A Mumba anakamba kuti likakana nilibweze losakandika."

"Nanga osanikambila?"

"Penze ŵanthu."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanandipepukira. Iwo anangogwedeza mutu, n'kunena kuti ndinachita monga anandilerera. Kenako analowa m'nyumba.

Ku Petauke sindinabwererenso chaka chimenecho. Bokosi lija linakhala pansi pa bedi mpaka amama anayamba kuikapo beseni. Ine ndinakwiya sabata zingapo, mkwiyo n'kutha, poti mwana sakhalitsa ndi chinthu chimodzi mumtima. Chimene sichinathe chinali cha atata. Munthu akabwera ndi wailesi, ankamuuza kuti apite nayo kumsika. Tochi, chaja ya foni, ngakhale ayironi, chilichonse chokhala ndi waya ankachikana. Anatsala ndi njinga ndi maloko basi. Palibe amene anawaseka poyera, a Zuze sanaitchulenso nkhaniyo, koma manja aja amene ankagwira chilichonse mosaopa anayamba kufunsa kaye.

Lero ndimakhala ku Petauke, ndipo ntchito yanga ndi yomweyi ya makompyuta. Mwana akafuna khadi la masewera amangojambula mkati mwa bokosi ndi foni, n'kunditumizira, ine n'kumuuza lomwe lingalowe ndi magetsi amene lingafune asanakwere n'komwe minibasi. Ambiri samva, amalozabe lonyezimira, ndipo ndatopa nako kubwereza mawu omwewo. Mwana wanga wamwamuna amandikonza pamaso pa makasitomala, mopanda mantha, nthawi zina mopanda ulemu womwe. Zimandilasa, koma ndimameza. Ndimadziwa kumene kukhala chete kwanga kunatifikitsa.

Ndili mwana ndinkalakalaka tsiku limene atata adzandifunse nzeru. Tsikulo linafika, ndipo silikoma. Mwezi wathawu ndinapita ku Nyimba kukawaona. Foni yawo inali itasiya kulira, kabatani kam'mbali kanangosunthika basi, chinthu choti akanachiona okha akanangoitembenuza. Anali atakhala nayo chomwecho sabata ziwiri, itakulungidwa m'kansalu, akudikira ine. Ananditambasulira ndi manja awiri.

"Ona iwe, mama," anatero. "Ine ningaononge."