Mlonda amene sanaone ana omaliza

Ndinachitira umboni wonama mayi wosalakwa, ndipo ndinachita zimenezi m'nyumba ya Mulungu. Inu owerenga, ndimvereni.

Nditaphunzira pang'ono za kompyuta ku Boma, akuluampingo kwathu ku Mlonyeni anandipempha kuti ndikonze pulogalamu yosungira mayina a akhristu. Ndinaikonza motere: pamwamba fomu ya banja, m'kati mwake kafomu kena kolembamo ana. Pa kabokosi ka tsiku la ubatizo ndinaikapo lamulo loti wolemba akangotulukamo, dzina la mwanayo lilowe m'kaundula wa obatizidwa. Lamuloli ndinkalitcha mlonda wanga, ndipo ndinkanyada nalo.

Olemba mayinawo anali mayi Naphiri, amasiye, amene ankagwira ntchitoyi mongodzipereka.

Tsiku lina mtsikana wina, Tiyamike, anabwera kudzalembetsa ukwati. M'kaundula sanapezekemo. Ukwati unaimitsidwa, akuchimuna n'kuyamba kunong'ona kuti mtsikanayo ananama zoti ndi wobatizidwa. Pamsonkhano wa akuluampingo ndinaimirira n'kunena kuti kompyuta siiwala, amaiwala ndi munthu. Mayi Naphiri anangoti, "Achimwene, ine ndinalemba onse." Anasiya makiyi a ofesi patebulo n'kutuluka.

Ntchitoyo itagwera ine, ndinapeza kuti osowa analipo ambiri, ndipo aliyense anali mzime m'banja lake. Ndinayesa ndekha. Ukachoka pa mwana wina kupita pa mnzake, lamulo limagwira. Koma ukalemba mwana womaliza n'kudina pa fomu yapamwamba kuti uyambe banja lina, pulogalamu imaona ngati udakali pa kabokosi komwe kaja. Kwa iyo sunatuluke, choncho mlonda sadzuka. Njira imeneyo ndinali ndisanaiyesepo.

Chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ndinakhala chete milungu iwiri, ukwati wa mwana wa eni uli chiimire. Ndinkagwada, koma kupemphera kunkandikanika. Pomaliza ndinakaulula pamaso pa akuluampingo omwe aja, ndipo ukwati unachitika. Mayi Naphiri anandikhululukira, koma makiyi sanawalandirenso.

Inu okonza mapulogalamu, lamulo lofunika muziliika pamene zolembedwa zikusungidwa, osati pakhomo limodzi lotulukira. Ndipo musanaloze munthu chala, khalani naye pansi muone mmene manja ake amayendera. Ine ndinakhulupirira ntchito ya manja anga kuposa mawu a mayi wamasiye. Lamulungu lililonse ndimawaona atakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo amayamba ndi iwo kundipatsa moni.