Bolopeni ya a Elia Nkhoma

A Elia Nkhoma anali okonza mawailesi pa Madisi, koma anthu ankawadziwira za Loweruka. Tsiku limeneli ankatseka kashopu kawo masana n'kupita kukaimba disiko ku bala ya mayi Faines. Zida zawo zinali makaseti odzaza katoni ya sopo ndi bolopeni imodzi yosalemba. Ndi bolopeniyo ankazunguza kaseti mpaka ifike pa nyimbo yomwe akufuna, osayamba aimvera. Mlimi akamalowa ankamutchula mfunda pachimkuzamawu: "Afika a Mbewe a kwa Dzoole, fodya wagulidwa!" Munthu uja ankalowa akuvina kale.

Patatha chaka chivotereni matipate, mayi Faines anakhoma zithunzi m'mitengo yonse ya pamsika: kukubwera DJ Mphenzi wa ku Blantyre.

"Zinthu zasintha, a Nkhoma," anatero mayiwo. "Ameneyu akadzaza nyumbayi ndiziitana a m'tauni okhaokha. Inu muzingowalumikizira mawaya."

"Chabwino," anayankha a Elia. Koma tsikulo litafika, katoni yawo anabwera nayo ndithu, naikankhira kunsi kwa tebulo.

Anthu anayamba kufika masana, ena panjinga kuchokera kumapiri a ku Ntchisi. Mphenzi anatulukira dzuwa litapendeka, wamfupi kusiyana ndi wa pachithunzi, magalasi akuda ali kumaso. Anakhala m'galimoto n'kumadya kanyenya.

"Ine sindiyamba kunja kukuwala," anauza mayi Faines. "Sindine wogulitsa tomato."

A Elia anayang'ana njinga zotsamira khoma. Panalibe ngakhale imodzi ya nyali. Ankadziwa kuti chisisira chikangoyamba eni ake anyamuka, poti njira ya kumapiri siyendeka mumdima.

Mayi Faines atamuchonderera, Mphenzi anakwera pansanja. Anaika nyimbo zachizungu zongogunda, iye n'kumalankhula pamwamba pake, kupereka moni kwa anzake a ku Ndirande ndi ku Limbe. Pabwalo panali mbee.

"Achimwene, anzanuwo ali muno?" anafuula a Modesta, ogulitsa zitumbuwa pakhomo. "Ife tabwera ndi miyendo, tipatseni kwasakwasa!"

"Muzolowera, mayi. Kutauni tikuvina zimenezi."

"Ndiye mukanabwera nawo ovinawo!"

Nyimbo yachinayi isanathe, abambo anayamba kupisa mathalauza m'masokosi. Mayi Faines anaona zimenezo, nafika kwa a Elia mothamanga.

"A Nkhoma, katoni ija mwaisiya kunyumba?"

"Ili pamapazi panupo."

Mphenzi atauzidwa kuti apume kaye, ananyanyala n'kubwerera kugalimoto. A Elia anasankha kaseti, anailowetsa bolopeni, naizunguza mosafulumira. Gitala wa ku Zaire atalira, anatenga chimkuzamawu.

"A Mbewe, thalauza m'sokosi mukupita kuti? Dzuwa latisungira nyimbo zisanu!"

A Mbewe anatsamiritsanso njinga kukhoma. Anzawo anawatsatira, ndipo fumbi linakwera mpaka kumalata.

Mayi Faines sanaitanenso wa m'tauni. Zithunzi za Mphenzi zotsala a Modesta anakulungira zitumbuwa sabata yonse. A Elia anaimba disiko pabalapo zaka zina zisanu ndi chimodzi, kuyamba masana, kutseka eni njinga akuonabe njira.