Tsiku limene ndinadzichotsera zaka

Mulungu andikhululukire, ndinanamiza anesi. Chaka chimenecho azaumoyo anabwera pa Kamwendo kudzatenga magazi, kuti aone mmene matupi a ana, achinyamata ndi achikulire akudzitetezera ku kachilombo ka chimfine. Ankatigawa potengera zaka. Nditaona ndodo ndi imvi pamzere wa achikulire, ine wotsogolera mapemphero a amayi ndinalembetsa zaka 33.

Kumbuyo kwanga kunali Esinati, mwana wanga woyamba.

"Zaka zingati?" anesi anamufunsa.

"26."

"Awa ndi achemwali anu?"

"Ayi, ndi amayi anga."

Anesi anandiyang'ana. "Amayi, munabereka muli Sitandade 1?"

Anthu anafa nako kuseka. Ndimathokoza kuti anakonza pepalalo ndisanasokoneze madokotala. Ndinapita kwa achikulire nditazyolika, agogo ena n'kundisendera pabenchi.

"Khala apa, mtsikana."