Bowo lachitatu pa lamba wanga

Pamene ndinayamba kukonzekera mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga tsiku limodzi, ndinali ndi chimimba choti kumanga zingwe za nsapato inali ntchito. M'mawa ndinkapalasa mpaka ku Shimabala n'kubwerera, madzulo ndinkathamanga m'mbali mwa njanji. Kusambira ndinkakwerera minibasi ya ku Lusaka Loweruka lililonse, chifukwa mumtsinje wathuwu muli ng'ona.

Patatha miyezi isanu ndinapita kachitatu kwa mdala wosoka nsapato pamsika kuti andiboolere lamba, thalauza inali ikugwa. Anaboola, koma sanandibwezere msanga. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Ba bosi, osachita manyazi. Kukiliniki mankhwala ni aulele. Mlamu wanga anayonda so, manje alimba."

Mtima unandipsa. Zaka zonse zija ndinkafika pabenchi yake ndili wefuwefu, thukuta lili kamukamu, mutu ukugunda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, palibe anandinong'oneza zakukiliniki. Lero ndikukwera chitunda osatsika panjinga, ndiye ndasanduka wodwala.

Ndinamulanda lambayo, n'kumulozera bowo lakale lakunsonga kwenikweni, lofutukuka chifukwa chokokedwa.

"Atate, ili munaboola ndinu, chaka chija lamba atakana kukumana. Mukumbukira?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Nthawi imene ndinali kudwala ndi imeneyo," ndinatero ndikumanga lamba pabowo latsopano. "Inu munandigwira pamimba, n'kunena kuti Mulungu wandidalitsa."