Laputopu Yanga Inkakhala M'chaka China

Ndikakumbukira sabata imeneyo, choyamba kubwera m'maso si nkhope ya munthu ayi. Limabwera fumbi loyera la mu Okutobala likuyandama pamwamba pa minda ya ku Edingeni, ng'ombe zikudutsa mkati mwake mwaulesi ngati sizikuponda pansi, ine ndili pamwamba pa chulu, laputopu pamiyendo, foni nditaikoleka panthambi kuti igwire netiweki. Ndinali mlangizi wa ziweto, mai wa ku Dowa amene ntchito inamuponya kumpoto, ndipo ndinkachita maphunziro a digiri ophunzirira kunyumba. Zaka zitatu ndinazungulira makola panjinga, kuwerenga nkhupakupa m'makutu ndi kumichira ya ng'ombe za eni ake, n'kumalemba m'makope.

Lipoti la kafukufukuyo ndinali nditalemba kale, koma linabwezedwa kawiri konse chifukwa munalibe tebulo, galafu ndi mapu. Lolemba aphunzitsi ondiyang'anira ananditumizira uthenga pafoni. Anati lipoti lifike lathunthu Lachisanu isanakwane thwelofu masana, apo ayi dzina langa lichotsedwa m'kaundula. Mwayi wachitatu unali womaliza.

Anatumizanso timafayilo titatu toti tindithandize. Koyamba kanali ka Python, kosesa manambala anga n'kupanga tebulo. Kachiwiri ka R, kojambula galafu. Kachitatu ka JavaScript, koika makola onse pa mapu. Pansi pake analemba kuti, "Mungoika mapakeji ofunikawo n'kudina, zichitika zokha." Zokha! Munthu wokhala muofesi ya mphepo yozizira amalankhula bwino kwabasi. Pakeji ndi kamtolo ka malangizo kolembedwa kale ndi anthu ena, kamene umakakatenga pa intaneti kuti pulogalamu yako igwire nako ntchito. Ine ndinkangoti maphukusi.

Lachiwiri ndinakwera chulu chija m'mawa. Ndinadina ka Python, iko n'kundiyankha ndi zilembo zofiira kuti phukusi lomwe ndikuitana kulibe. Ndinauza makina kuti akalitenge. Anaganiza, anaganiza, kenako zofiira zinanso. Ndinasiya n'kupita ku R, nayo inati sikutha kufika kumene amasunga maphukusi ake. Ya JavaScript ndiye inakhuthula mawu tsamba lonse, mzere pamwamba pa mzere, mpaka ndinasiya kuwerenga. Mawu amodzi ankabwerabwera konseko, akuti satifiketi, koma ine ndinkangowadumpha poganiza kuti vuto ndi netiweki. Ndinaikalipira foni ija ili panthambi, ndinaikweza, ndinaitsitsa, ndinagula bandulo ina. Azimayi odutsa ndi mitolo ya nkhuni ankandipatsa moni mwaulemu n'kumatembenuka kawirikawiri akapitirira.

Lachitatu ndinapalasa njinga kupita ku Manyamula, kwa mnzanga wina wophunzitsa makompyuta kusekondale. Kwathu kuno zinthu za pa intaneti timagawana pa fulashi, monga mmene timagawirana mbewu. Sindinamupeze nthawi yabwino, ankayang'anira mayeso, ndiye anangondikopera maphukusi a Python amene anali nawo n'kundilembera papepala mawu oti nditaipe. Nditafika kunyumba ndinataipa, makina n'kunena kuti zatheka. Ndinavina ndekha pakhonde. Ndinadina kafayilo kaja. Phukusi kulibe. Asa! Lomwe ndangoika ndi manja angawa? Ndinaikanso, makina n'kundiuza kuti lilimo kale. Ndinadinanso, kulibe. Ndikunena zoona, ndinainyamula laputopu ija m'mwamba, ndipo chinandiletsa kuimenyetsa pansi ndi chakuti munali lipoti langa.

Lachinayi m'mawa, mtima utatsikako, ndinafufuza m'mafoda mmodzimmodzi. Ndinapeza kuti munali ma Python awiri. Laputopuyo inali yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera ku Joni, ndipo mwini wake woyamba anasiyamo Python wake wakale. Ndinkathira chimanga m'nkhokwe ina n'kumakachifuna m'nkhokwe ina. Nditakonza zimenezo phukusi lija linapezeka, koma linati silingagwire ntchito popanda linzake, ndipo linzakelo pa fulashi panalibe. R ndi JavaScript zinali zidakali pomwe zija. Masana ndinayala mphasa pansi pa mango kuti ndingowongola msana, tulo n'kundiba. Ndinalota ng'ombe zonse zimene ndinaziwerengapo zikubwera pamzere kuchokera kudambo, iliyonse ili ndi zilembo zofiira m'nthiti, ine ndikuyesa kuwerenga koma zikungodutsa. Ndinadzuka dzuwa litapendeka, tsaya litadindika mizere ya mphasa, ndipo ndinalira.

Lachisanu ndinakwera minibasi yoyamba ya ku Boma. Ndinapita ndi mkangano wokonzakonza, chifukwa laputopuyo ndinaigula kwa bambo wina wachisilamu wokonza mafoni mumsika, wa ndevu zoyamba imvi ndi kachipewa koyera. Ndinamupeza akutsegula kabenchi kake, ndipo ndisanapereke ndi moni womwe ndinaikhazika laputopu patsogolo pake.

"Adada, munandigulitsa chiyani ichi? Sabata yonse chikungondinyoza!"

"Odi kaye amama, mwauka uli?" anatero akumwetulira. "Khalani pansi. Makina saopa ukali."

Ndinakhala, ndili fuufuu. Ndinamuonetsa zofiira zonse zitatu. Anavala magalasi n'kunena mosabisa kuti iye za Python ndi anzakewo sazidziwa, ntchito yake ndi mafoni. Komabe anayendetsa chala pagalasi pang'onopang'ono mpaka chinaima pa mawu aja a satifiketi. Kenako anayang'ana pakona ya m'munsi, pamene pamakhala tsiku, n'kugwira pakamwa.

"Amama, pepani chomene. Ndine ndinachita izi."

Anandikumbutsa tsiku limene ndinagula laputopuyo. Pulogalamu yolembera makalata inali yongoyeserera, ya masiku ochepa, ndiye iye, monga ankachitira ndi makasitomala onse, anabweza tsiku m'mbuyo kuti isathe msanga, n'kuletsa makina kudzikonzera nthawi okha. Anandiphunzitsanso kumabwezanso mwezi ukamatha, ndipo ine ndinkachita zimenezo mokhulupirika, osaganizanso. Kunja zaka zinkapita, koma laputopu yanga inkangozungulira m'mwezi umodzi wa chaka chomwe chija. Ndinazolowera moti tsiku la pakona ndinasiya kuliona.

"Ngakhale foni, tsiku likalakwika, mauthenga amakana," anatero. "Kumene mukukapempha maphukusi anuwo amaonetsa satifiketi imeneyi, chikalata chawo cha chaka chino. Makina anu akachiona akuti chaka chimenechi sichinafike, chikalatachi n'chabodza. Mbwenu akana. Atatu onsewo vuto lawo ndi limodzi."

"Ndiye konzani msanga, adada, mukudikiranso chiyani?"

"Ndikakonza, pulogalamu yolembera ija itseka. Mutha kuwerenga ndi kusindikiza, koma kulembamo ayi. Ndipo ikangodziwa, ngakhale tibwezenso tsiku, siivomeranso."

Apa ndiye ndinagwira njakata. Popanda kukonza tsiku, zithunzi palibe. Tikakonza, zithunzi zibwera koma lipoti loti ziikidwemo likhala lotseka. Ndinafunsa zotenga pulogalamu ina yolembera pa intaneti, iye n'kuti ndi netiweki ya tsiku limenelo ikanamaliza kulowa dzuwa litalowa. Ndinafunsa za kompyuta ya kumalo osindikizira mapepala, iye anayang'ana kumbali n'kuti nayonso anaikonza ndi iye yemweyo, inatseka kalekale, imangosindikiza basi. Ndinafuna kumutukwana. Msika unkamveka patali ngati ndili pansi pa madzi: mabelu a makabaza, wailesi ya wogulitsa nsalu, mai wina akuitanira tomato. Nthawi inali itadutsa naini.

Ndinakokera laputopu kwa ine n'kutsegula lipoti. Pamene pankayenera kukhala tebulo ndinadina batani lotsitsa mzere mpaka panatsala malo oyera, theka la tsamba. Pa galafu chimodzimodzi. Pa mapu ndinasiya tsamba lonse. Pansi pa malo alionse ndinalemba dzina la chithunzi chimene ndinali ndisanachione. Ndinawerenga mawu otsiriza kamodzi, podziwa kuti cholakwika chilichonse chikhala momwemo, kenako ndinati, "Konzani."

Anakonza. Ndinataipa mawu aja a Python, ndipo kwa nthawi yoyamba kamzere koyera kanayamba kukwawa kuchoka kumanzere. Phukusi lina linaitana linzake, linzakelo n'kuitananso lina, onse akubwera okha popanda kuwakalipira. Tebulo linatuluka. R inatenga nthawi yaitali, inadandaula kamodzi kuti phukusi lina ndi latsopano kuposa iyo, koma inangochenjeza n'kupitirira. Galafu inatuluka. Ya JavaScript inadukiza pakati netiweki itagwa, tinayambiranso, bambo uja atakweza foni yanga m'mwamba ndi dzanja lake mpaka mkono unatopa n'kusinthira wina.

Kenako mapu anatseguka. Poyamba panali poyera, ndiye timadontho tinayamba kugwa kamodzikamodzi. Ndinaiwala za nthawi. Kadontho kalikonse ndinkakadziwa. Aka ndi khola la kuseri kwa phiri kumene ng'ombe yaikazi yakuda inandiponda chala. Aka ndi kwa mai wamasiye amene ankandidikira ndi chikho cha madzi ozizira a m'kamtsuko. Aka ndi kumene tcheni cha njinga chinaduka mvula ikugwa. Zaka zitatu zonse zinakwana pagalasi limodzi, ndipo ndinkaona ngati ndikuuluka pamwamba pa dera lonselo, dzuwa lili kumsana. Anandidzutsa ndi bambo uja pondigwedeza phewa.

"Amama, ikukwana leveni. Ine posachedwa ndikupita ku mzikiti. Thamangani."

Ndinathamanga ngati mtsikana, chitenje chili m'manja. Kosindikizira kuja ndinasindikiza lipoti lonse ndi malo ake oyera aja, zithunzi zitatu pamapepala apadera. Pobwerera ndinapeza bambo uja atabwereka sizasi kwa telala woyandikana naye, atagulanso kabotolo ka guluu wa ana asukulu. Pabenchi lokonzera mafoni, pakati pa timawaya ndi mabatire otupa, ndinadula tebulo, galafu ndi mapu n'kumata chilichonse pamalo pake. Iye ankatsindika ngodya za pepala kuti mphepo isaulutse, ine ndikujambula tsamba ndi tsamba ndi foni. Kuwala kwa dzuwa kunkagwa bwino pamapepala moti guluu sankaoneka kwenikweni. Mawu oitanira anthu ku mapemphero atayamba kumveka, fayilo inali ikukwera. Iye sanachoke mpaka foni inanena kuti yapita.

"Yewo, adada," ndinatero. 

"Yewo amama. Mundikhululukire." Anatseka kabenchi kake n'kuthamanga, nsapato zikukwapula fumbi.

Yankho linabwera patapita masabata angapo, ndili pa dipi, ng'ombe zikulumphira m'madzi a mankhwala imodzi pambuyo pa inzake. Foni inalira m'thumba, ndinapukuta manja pachitenje n'kuwerenga. Aphunzitsi aja analemba kuti lipoti lalandiridwa ndipo ndakhoza. Pansi anawonjezera kuti mapu ndi abwino, kungoti apendekeka pang'ono, ndiwadine ndi kuwawongola ndisanatumize kope lomaliza.

Ndinakhala pansi pomwepo, pamatope, ndikuseka misozi ikutsika. Mwini ng'ombe wina, bambo wachikulire, anasiya chikwapu n'kubwera kudzafunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Ndinapukusa mutu, ndinayesa kufotokoza, koma sizinatheke. Ndinangomuonetsa mapu aja pafoni n'kuloza kadontho kamodzi chakumadzulo.

"Adada, apa ndi pakhola panu."

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anaitana anzake kuti nawonso adzaone pawo.