Njerwa za Bambo Telala

Sikisi koloko m'mawa, ine ndikuchapa matewera, bambo telala oyandikana nafe amakhala akukwera chitunda kachitatu panjinga, imvi zili mbuu, thumba pakaliyala. Amapalasa akuimba. "Nyimbo ikaduka, wafulumira," amatero. Akukonzekera ulendo wa tsiku lathunthu wokaona mdzukulu wawo woyamba.

Dzana ndinawapeza ali chagada m'mbali mwa msewu, miyendo pakhoma. Ndinataya ndowa, poyesa kuti atisiya.

"Ndikupumitsa akatumba, mwanangu."

Ndinasuzumira m'thumbamo. Munali njerwa khumi.

"Patsiku la ulendo ndikadzazitsitsa, njinga idzayenda yokha," anatero.

"Nanga amayi kunyumba akudziwa?"

"Amayesa ndi nsalu. Akadziwa, njingayi ayigulitsa. Chonde, njerwazi uzindisungira kuseri kwa bafa lako."