Madigadi Ndinaisiya Padambo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha miyendo yaitali. A Nyirenda, amene ankagula fodya kwa alimi a ku Chikomeni m'zaka za m'ma 1990, anagula njinga yamoto yaikulu kwa munthu wina wochokera ku Joni. Koma iwo anali aafupi, akaima nayo ankangogunda pansi ndi zala zakumapazi. Malume anga anawauza kuti ali ndi mwana wa mlongo wawo wamtali ngati mlongoti, wodziwa kuyendetsa tinjinga ta alangizi a zaulimi.

Njingayo inali yokongola, ndisaname. Injini ya masilinda awiri inali poyera popanda chophimba, thanki yofiira, nyali imodzi yozungulira, mapaipi a utsi onyezimira. Pa tala wopita ku Chipata inkathamanga mpaka mphepo kukukankha pachifuwa, poti inalibe galasi kutsogolo. Koma amene anaipanga sanapondepo dambo. Matayala anali osalala, a m'tauni, ndipo madigadi yakutsogolo, chitsulo chotchinga matope chija, inali yotsika mwakuti pakati pa iyo ndi tayala pankangolowa chala.

Pondipatsa makiyi a Nyirenda anati, "Iwe, iyi si njinga ya alangizi. Ukamasulako bauti olo imodzi, nchito yasila."

M'mawa uliwonse ndinkayang'ana oyilo, kukunga tcheni ndi kupukuta thanki, kenako n'kupita kukaona fodya wa alimi.

Tsiku lina mvula itagwa kwambiri, ndinafika pa famu ina n'kupeza anthu ataunjikana. A Mbewe, mlimi waganyu wochokera ku Kasungu, anali atadzitema ndi nkhwangwa pansi pa bondo podula nkhuni zowotchera fodya. Anawamanga ndi mphira ya chubu, koma magazi ankangotuluka. Ngolo ya ng'ombe ikanafika ku boma mawa lake.

Akazi awo anandigwira mkono. "Achimwene, chonde, apite nanu. Magaziwa sakuleka." Anamasula chitenje chawo n'kuwamangirira amuna awo kumsana kwanga.

Pamtunda tinayenda bwino. Titalowa m'dambo ndinaika giya yachiwiri, moto pang'onopang'ono. Posakhalitsa chiwongolero chinalemera. Tayala lakutsogolo linasiya kuzungulira, linkangokhwekhwereza ngati pulawo, injini ikulira, kilatchi ikununkha. Matope akuda aja anali atadzaza pansi pa madigadi, gwa! Ndinatokosa ndi kamtengo ndili pampando pomwepo, tinayenda pang'ono, n'kugwiranso.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti a Mbewe asiya kubuula. Mutu wawo unali utalemera paphewa langa. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Ndinawamasula, kuwagoneka pachulu, n'kutulutsa sipanala ya teni pansi pa mpando. Mawu a a Nyirenda ndinkawamva bwinobwino m'makutu, koma manja anali atayamba kale. Mabauti ena anamasuka, imodzi inakana, sipanala inkangoterereka m'matope. Ndinaponda madigadiyo ndi phazi, kuipinda uku ndi uku mpaka inathyoka, n'kuiponya m'maudzu.

Ndinawamangiriranso a Mbewe kumsana kwanga n'kunyamuka. Tayala linazungulira. Koma tsopano matope onse ankathira kumaso kwanga, ndinkayendetsa ndi diso limodzi. Ndinkakuwa, "A Mbewe, musagone! Ana anu maina awo ni ndani?" Ankatchula dzina limodzi, n'kukhala chete. Ndinkafunsanso. Akachedwa kuyankha ndinkawagunda ndi chigongono. Pofika pa boma mainawo ndinali nditawaloweza.

Kuchipatala anawanyamula ali lende. Nesi wina atatuluka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sembe mwachedwako pang'ono, sembe tikamba vinangu."

A Nyirenda ndinawapeza pakhonde la sitolo yawo. Sanayang'ane matope anga, ngakhale magazi amene anali pa buluku langa. Anazungulira njinga yawo n'kuima kutsogolo.

"Madigadi ili kuti?"

Ndinafotokoza zonse.

"Nenze nakuuza chani? Leta makiyi."

Ndinapita kwathu wapansi, ndili ndi ukali woti sindinadye. Zinandiwawanso kwambiri patapita masabata angapo, nditaona amene analowa m'malo mwanga akudutsa pamsika. Madigadi yatsopano anali ataigula, koma inali yomangirira kumbuyo kwa mpando. A Nyirenda anali ataimasula okha kuti idikire chilimwe.

Ndakhala ndikukonza njinga zamoto kuyambira pamenepo, ndipo aliyense wobwera ndi njinga ya m'tauni ndimamuuza kuti chitsulo chimagulidwa, asamachiope kuposa munthu amene wamunyamula. A Mbewe amatsimphina mpaka lero. Chaka chatha anabwera kugalaja kwanga ndi mwana wawo wamkazi, mayi wamkulu ndithu, amene ndinali ndisanamuonepo. Asanatsegule pakamwa kuti amutchule, ndinamupatsa moni ndi dzina lake.